Lisiti silingakuuzeni ngati mbuzi ili moyo

Amene munakhalako mu komiti ya CBO, gulu la anthu a m'mudzi lothandiza dera lawo, mukudziwa mmene zimayendera bungwe likakupatsani kandalama ka polojekiti. Sapereka yonse kamodzi ayi, amaidula pawiri kaya patatu, ndiye kuti gawo lachiwiri lituluke mpaka mutumize lipoti, malisiti onse, sitetimenti ya ku banki komanso mndandanda wa opindula atasayina kapena kudinda chala. Ku banki nako amafuna osayinira awiri mwa atatu, wapampando, mlembi ndi msungichuma. Izi ine ndilibe nazo vuto, makomiti a m'midzi anazizolowera kale kuyambira nthawi ya MASAF, thumba la boma la zitukuko za m'midzi lija, cha m'ma 1995, ndipo ndalama ya anthu ndi yofunika kuilondoloza basi.

Chimandiwawa ine ndi mmene amalilemekezera lisiti. Gulu lathu linali ndi mbuzi zopatsirana, ija ikaswa mwana umapatsa mnzako. Mbuzi umagula pa msika wa kumudzi kwa munthu woti alibe bukhu la malisiti, ndiye timalemba kalata amfumu adinde, alangizi a ziweto asayine, koma ku ofesi akuti sizikukwanira tikufuna makoteshoni atatu, mapepala a mitengo ochokera kwa ogulitsa atatu. Makoteshoni atatu a mbuzi abale! Pomwe wochenjera amangogula bukhu la malisiti mtauni nkulemba yekha usiku umodzi, lipoti lake limadutsa bwinobwino chonsecho khola liri gwaa lopanda kanthu.

Ndiye pali za mitengo. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 bajeti yomwe tinalemba inasanduka pepala chabe, koma kusuntha ndalama kuchoka pa mzere wina wa bajeti kupita pa wina mpaka mulembe kalata yopempha, mukudikira yankho uku mitengo ikungokwera.

Kuyendera kwenikweniko amakuuziranitu tsiku, nde mudziwa kale zimachitika, kusesa, amayi zitenje zofanana, nyimbo, alendo ajambula zithunzi asayina m'bukhu la alendo galimoto yanyamuka. Palibe amene wamufunsa mayi uja amayembekezera kulandira mwana wa mbuzi ngati analandiradi.

Mmodzi yekha ndi amene anachita zosiyana, mayi wina wa ku bungweko anangotulukira pa kabaza osauza munthu, analowa khola ndi khola, nkukacheza ndi a VDC, komiti ya chitukuko cha m'mudzi, ife a komiti ya CBO kulibe. Anapeza kuti mbuzi zina zinafa ndi matenda nthawi ya dzinja, ndipo sanatikalipire, anatithandiza kupempha kuti ndalama ya maphunziro ipite ku mankhwala a ziweto. Anatiuzanso kuti bajeti tiziiwerenga pa msonkhano wa mudzi nkuimata pa khoma la sukulu aliyense aone.

Pempho langa kwa mabungwe ndi loti musiyeko kandalama koyendera polojekiti itatha, mubwerenso patatha chaka mudzawerenge mbuzi zomwe zafika pa banja lachiwiri ndi lachitatu.