Boma si chidule, anthu inu

Dzulo pa Chitakale mkangano unabuka pakati pa anyamata a kabaza. Wina anaumirira kuti BOMA ndi chidule cha "British Overseas Military Administration". Ayi ndithu! Mawuwa ndi a Chiswahili, amatanthauza mpanda kapena linga, ndipo analipo azungu asanamange ofesi ya DC pa Mulanje kapena pa Thyolo. Chidulecho chinachita kupekedwa pambuyo pake, kungoti chimakoma m'khutu.

Chidule chenicheni ndi Wenela. Depoti ya mabasi ija ku Blantyre inatenga dzina ku WNLA, Witwatersrand Native Labour Association, bungwe lomwe linkalemba agogo athu ntchito ya ku migodi ya ku Joni. Kamuzu analetsa ulendowu mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70. Kenaka m'malo mwa Wenela kunabwera TEBA, The Employment Bureau of Africa, ife n'kuitchula Theba. Joni yemweyo ndi Johannesburg, tinangomudula miyendo kuti akwane pakamwa.

Ife a kuno kufupi ndi Muloza, pa malire ndi Mozambique, tisamanyade kwambiri ndi Chingerezi. Kapitawo amene amayang'anira othyola tiyi ku esiteti ndi capitão wa Chipwitikizi. Nsapato, mbatata, kalata, zonsezi zinadutsa m'kamwa mwa Apwitikizi. Koma keyala ndiye imandiseketsa: ndi "care of" wa pa envelopu!

Tsono ana athu pa WhatsApp aposa onse. Mdzukulu wanga anandilembera "zkm agg". Zikomo agogo, eti. Kodi mavawelo anakwera mtengo ngati feteleza?