Mbiri ya moyo wanga, gawo 11: Chaka chimene ndinkalera makristalo

Ndinasiyira paja ndangolembedwa ntchito yothandizira mu labotale ya physics, nditatopa ndi uphunzitsi waganyu ku Ndirande. Miyezi yoyamba ntchito yanga inali kutsuka magalasi ndi kupukuta fumbi basi. Ndiye tsiku lina a Dokotala, amene ankayang'anira labotaleyo, anandiitanira mu ofesi nkundifunsa kuti, "Achimwene, kodi kudikira mumatha?" Ndinavomera msangamsanga poganiza kuti akunena za malipiro. Iwo ankanena za makristalo.

Chimene ankafuna ndi ichi. Pali makristalo ena oti kuwala kwa laser kukalowamo, kwina kumatuluka kutasintha mtundu. Laser ya Nd:YAG imatulutsa kuwala kwa 1064 nm (nanomita, muyeso wa utali wa funde la kuwala) komwe diso silingaone, koma kukadutsa mu kristalo woyenera kumatuluka kobiriwira, pa 532 nm. Timatochi tobiriwira tolozera pa bolodi tija timagwira ntchito chonchi, mkati mwake muli kakristalo ka KTP. Anayamba kuona kusintha mtundu kwa kuwalaku ndi Peter Franken ndi anzake ku University of Michigan mu 1961, patangotha chaka Theodore Maiman atapanga laser yoyamba. A Dokotala ankakonda kusimba kuti pepala la Franken litapita kosindikiza, osindikizawo anafufuta kadontho kowala kamene kanali umboni wonse, poyesa kuti ndi kalitsiro. Akafika pamenepa ankaseka mpaka kuvula magalasi.

Si kristalo aliyense amachita zimenezi. Mamolekyu akayalana moti chili kutsogolo chikufanana ndendende ndi chili kumbuyo, palibe chituluke. Apa ndi pamene ma amino acid, tizidutswa timene timapanga mapuloteni, amalowera. Ambiri mwa iwo ali ngati dzanja lamanzere, ulitembenuze bwanji silingasanduke lamanja, choncho kristalo wake sangayalane mofanana mbali zonse. Ndi otchipa, amasungunuka m'madzi, ndipo safuna ng'anjo yamoto. Ku China anatulukira L-arginine phosphate, yochokera ku amino acid wotchedwa L-arginine, m'zaka za m'ma 1980, anthu nkuyamba kuiyerekeza ndi KDP, mchere umene kwa zaka zambiri wakhala muyeso pa ntchitoyi.

Ife tinayamba ndi glycine, wamng'ono kuposa onse, yemwenso yekha alibe dzanja lija. Ukamusungunula m'madzi otchezedwa okha, umapeza kristalo wa alpha, wowala mbee, wokongola woti nkujambula, koma kwa laser ndi mwala chabe. Ukathiramo sodium chloride, mchere womwewu koma wa mu labotale, glycine yemweyo amayalana mwina, wa gamma, ndipo ameneyu ndiye amatulutsa kuwala kobiriwira. Nditawafotokozera amayi ku Chilomoni, anandiyang'ana nkunena kuti, "Ndiye sukulu yonse ija, iwe, ntchito yake kudikira madzi amchere aume?" Sindinawatsutse.

Kachitidwe kake sikovuta kukamba. Umasungunula ufa mpaka madzi akhute, kutakasa kwa maola, kusefa ndi pepala losefera, kuvindikira beaker ndi pulasitiki, nkuboola timabowo ndi singano kuti madzi aziuluka pang'onopang'ono. Timakristalo tikayamba pansi, umasankha kamodzi kosang'aluka, kakang'ono kosafika njere ya mpunga, kumanga ndi ulusi wa nayiloni nkukalendeweretsa m'madzi ena atsopano kuti kakhale mbewu yokulirapo kristalo. Kumangako ndiye kunkandidya mtima. Zala zikangotuluka thukuta, kona ya mbewuyo yasungunuka. Ukatero usagwedezenso tebulo. Ndinafika pokangana ndi mayi wokolopa kuti chonde, amayi, mopu isagunde mwendo wa benchi iyo.

Mdani wamkulu anali nyengo ya Blantyre. Mu June ndi July chiperoni chikagwa, magetsi nkuthima usiku, bafa lotenthetsera madzi limazizira. Madzi ozizira sasunga ufa wochuluka ngati ofunda, ndiye m'mawa umapeza beaker yonse yadzaza timakristalo mbwee, mbewu yako itamera tinzake pamsana. Mu October madzi amauluka mothamanga, kristalo amakula msanga koma amatsekera timadontho tamadzi mkati nkuchita mbuu. Chinatipulumutsa ndi cooler box yaikulu ya pa ukwati imene a Dokotala anabwera nayo kuchokera kunyumba. Tinaidzaza madzi nkuika ma beaker momwemo, kutentha kunasiya kudumphadumpha. Panalinso chuku. Amino acid ndi chakudya, ndipo L-arginine akakhalitsa pamamera tiubweya pamwamba. Timadontho ta hydrogen peroxide tinkathandizako.

Kuthira kachinthu kachilendo pang'ono mu kristalo, komwe a Dokotala ankangoti doping, ndinakumvetsa pa TGS, yomwe imapangidwa ndi glycine ndi sulphuric acid. TGS imagwiritsidwa ntchito m'zida zomva kutentha, koma ikafika pa 49°C mphamvu yake imabalalika. Ukathiramo L-alanine, yemwenso ndi amino acid, pang'ono, amakhala pamalo pa glycine wina poti amafanana, kungoti ali ndi kanthambi kowonjezera. Kanthambiko kamachititsa kuti kristalo akazizira mphamvu yake ibwerere kuyang'ana mbali imene inkayang'ana poyamba. Pamenepo phindu la doping ndi loonekeratu.

Pa KDP wothiridwa amino acid ndi pomwe ndinayamba kukayika. Mapepala ambiri amene a Dokotala ankandipatsa ankati kuwala kwawonjezeka, aliyense ndi nambala yake. Koma muyeso umene ambiri amagwiritsa ntchito, wa Kurtz ndi Perry wa 1968, umayeza ufa wopera, ndipo zotsatira zake zimasintha malinga ndi kukula kwa timibulu ta ufawo. Wina akapera kwambiri, wina pang'ono, manambala asiyana kale kristalo ali mmodzi. Ine ndimaona kuti ambiri amathamangira kulemba asanasefe ufa bwino.

Laser yoyezera tinalibe. Tinapera makristalo athu, amene ndinawalera miyezi ija, kusefa kuti timibulu tifanane, nkutumiza kwa mnzawo wa a Dokotala kunja. Kupera kristalo wa gamma woyamba kunandiwawa, ndinapempha kuti mtondowo agwire okha. Yankho linabwera pa imelo mvula itayamba. Alpha sanatulutse kanthu, gamma anawala kobiriwira. KDP wothiridwa L-alanine anaposa KDP wamba pang'ono kwambiri, moti a Dokotala anakana kuzilemba. "Achimwene, izi ndi za sefa, si za alanine. Tiyambirenso."

Kuyambiranso kunkafuna ndalama, ndipo thumba la kafukufuku linali litauma. Mwezi womwewo amalume anabwera kuchokera ku Thyolo ndi nkhani ya chinkhoswe changa, yomwe ndiikamba m'gawo 12.