Chaka chino gardenia ndamudulira pa nthawi yake

Duwa lomaliza linathothoka Lachiwiri, ndiye dzulo m'mawa ndinanola sizasi ya mitengo, kuipukuta ndi sipiriti, n'kuyamba ntchito. Ulendo uno sindinafune kuzengereza. Chaka chatha ndinadikira miyezi itatu yathunthu chitsamba chitasiya kuchita maluwa, osadziwa kuti gardenia akangomaliza maluwa amatulutsa mphukira, ndipo kunsonga za mphukirazo n'kumene kumabisala timaluwa ta nyengo yotsatira. Sizasi yanga inadya zonsezo. Chitsamba chinakongola ndithu, chozungulira ngati mpira, koma maluwa ake ndinawawerenga ndi zala za dzanja limodzi. Fungo lija la madzulo ndinangolisowa chaka chonse.

Ndinayamba ndi nthambi zouma, kenako zija zimapingasana m'kati n'kumakhulana makungwa. Zitalizitali zotulukira kunja ndinazidula pamwamba pang'ono pa mfundo, pamene pamamera masamba, chopendeka kuti madzi asamakhalepo. Dzanja linkayabwa kuti ndipitirize, koma ndinadziletsa. Gardenia safuna kumetedwa mpala. Kuchotsa koposa gawo limodzi mwa magawo atatu n'kumupweteka.

M'kati mutayera m'pamene ndinaona zobisika: tizilombo ta kodikodi titaunjikana m'mphanda za nthambi, ndi masamba akuda ngati apakidwa mwaye. Zakudazo ndi nkhungu yomera pa timadzi tonata timene tizilomboti timasiya. Ndatsuka ndi madzi a sopo, ndibwerezanso sabata yamawa.

Chondidetsa nkhawa ndi masamba anthete. Ndi achikasu koma mitsempha yake ili yobiriwira, chizindikiro choti mizu ikulephera kuyamwa ayironi. Mlandu ndi wanga, chifukwa ndinathira phulusa patsinde poganiza kuti ndikumuchitira zabwino. Gardenia ndi wa banja limodzi ndi khofi, ndipo amakonda dothi la asidi, la pH (muyeso wa asidi m'dothi) ya pakati pa 5 ndi 6. Phulusa limachepetsa asidiyo. Ndapala dothi lapamwamba, n'kuikapo manyowa a masamba owolerana.

Nsonga zimene ndinadula sindinataye zonse. Ndasankha zinayi zotalika masentimita 10, ndathothola masamba am'munsi, n'kuzizika mumchenga wonyowa pamthunzi, n'kuvundikira ndi pulasitiki. Imodzi yayamba kale kulefuka, koma zitatuzo zidakali chilili.