Kukwera phiri la Nkhoma m'nyengo ya masika

Mvula ikatha, kuyambira kumapeto kwa Epulo mpaka Juni, ndiyo nthawi imene ndimakwera mapiri ozungulira Lilongwe. Kumwamba kumakhala kuli mbee, matanthwe auma, ndipo utsi wa moto wa m'tchire, umene umaphimba mapiri kuyambira Ogasiti, umakhala usanayambe. Koma masiku ake ndi aafupi. M'mwezi wa Meyi dzuwa limatuluka cha m'ma 6 koloko n'kulowa isanakwane hafu pasiti 5, choncho ulendo wonse ndimaukonza poyang'ana nthawi yotsika, osati yokwera.

Ndimanyamuka mumzinda kukangocha, kudzera msewu wa M1 wopita ku Dedza. Ndikadutsa Nathenje ndimakhotera kumanzere pa Kamphata, n'kutsata msewu wa tala mpaka pa mishoni ya Nkhoma, likulu la Sinodi ya Nkhoma ya CCAP, pamene amishonale anakhazikika mu 1896. Mtunda wonse ndi makilomita pafupifupi 50. Wopanda galimoto akwere minibasi kudepoti ya ku Area 2, koma awerengere nthawi yodikira kuti idzaze.

M'chikwama mumakhala madzi malita atatu, mbatata yophika, mtedza wokazinga, nthochi, paketi ya Thanzi, pulasitala, selotepi, tochi ndi juzi. Juziyo anthu amaisiya poona kuti kunja kwacha bwino, koma Lilongwe ali pa mamita pafupifupi 1,050 pomwe nsonga ya Nkhoma ipitirira mamita 1,700. Pa mamita 1,000 aliwonse okwera, kutentha kumatsika ndi madigiri 6 kapena kuposerapo pang'ono. Kuonjezera mphepo ya mwera pathupi lonyowa ndi thukuta, munthu amayamba kunjenjemera masanasana. Nsapato zikhale zozolowera phazi ndiponso zamazinga kunsi. Yatsopano imatulutsa matuza ola loyamba lisanathe.

Pa mishoni ndimafunsa munthu wodziwa njira, ndipo za malipiro timagwirizana tisananyamuke. M'munsi mwa phiri muli tinjira tambiri ta otola nkhuni, ndipo udzu wa masika umakhala utapitirira munthu, moti kusokera n'kosavuta. Tikadutsa m'minda ndimapereka moni, "Mwadzuka bwanji, amayi? Tidutse nawo," ndipo chimanga cha eni sindikhudza. Kankhalango kowirira kamene kali pakati pa minda nthawi zambiri amakhala manda, ndipo kwa Achewa malo amenewo salowamo mlendo, ngakhale kukafuna mthunzi kapena kudzithandiza.

Mdani wamkulu wa nyengoyi ndi chitedze. Nyemba zake zimakhwima mvula ikangotha, ndipo ubweya wake umayoyoka ukangogwedeza mtengo umene chayangapo. N'chifukwa chake ndimavala thalauzi ndi malaya a manja aatali, ndipo m'malo owirira sindigwira chiyangoyango chilichonse ndisanachiyang'ane. Chikakugwa, usakande, pakuti kukanda kumalowetsa ubweyawo m'khungu. Mata selotepi pamalopo n'kumatula, kawiri kapena katatu, ndipo malaya amene agwidwa uvule. Thalauzi ndimalilowetsa m'masokosi chifukwa cha nkhupakupa, ndipo ndodo imatsogola m'udzu kuti njoka imve kuti kukubwera munthu.

Pachikweza ndimayenda mwakuti ndizitha kulankhula osapuma wefuwefu. Amene amathamanga poyamba ndi amene amakhala pansi njira isanafike pakati. Pa mphindi 40 zilizonse ndimaima mphindi zisanu, kumwa madzi pang'ono ngakhale ludzu lisanabwere, n'kutafuna mtedza. Poyerekeza nthawi ndimawerengera ola limodzi pa makilomita 5, kuonjezapo ola lina pa mamita 600 okwera, kenaka nthawi yopuma. Kwa gulu la anthu osazolowera, maola awiri kapena atatu amakwana kufika pamwamba.

Chigawo chomaliza ndi cha matanthwe, ndipo pamafunika manja. Ndodo ndimaimangirira kuchikwama. Mwa manja awiri ndi mapazi awiri, zitatu zikhale zitagwira pamene chimodzi chikusuntha. Thanthwe lakuda ndi ndere limaterera ngati mame sanaume, choncho ndimaponda pouma, poyera. Tsinde la udzu si chogwirira, limazuka ndi dothi lomwe. Anthu akwere mmodzimmodzi, wapansi asaime molunjika ndi wapamwamba, chifukwa mwala wogumuka sumachenjeza.

Pamwamba, tsiku loyera, minda yokololedwa imaoneka ngati mphasa zoyalidwa, ndipo chakumwera kumaonekera mapiri a ku Dedza, kuphatikizapo phiri la Dedza lenilenilo la mamita 2,198. Ndimavala juzi ndisanayambe kudya, thukuta lisanazizire. Makoko a nthochi ndi mapepala zimabwerera m'chikwama, ndipo anyani sindiwaponyera chakudya chifukwa akazolowera amayamba kulanda.

Ikakwana 1 koloko ndimayamba kutsika, kaya onse afika pansonga kaya ayi. Lamulo limeneli timapangana pansi, chifukwa pamwamba aliyense amati "tangotsala pang'ono". Potsika m'pamene anthu ambiri amabinya akakolo: miyendo yatopa, timiyala tikugubuduka, maso ali kale kumudzi. Ndimamanganso zingwe za nsapato kuti zala zisamagunde kutsogolo, ndimaponda mafupiafupi mawondo atapindika pang'ono, ndipo potsetsereka kwambiri ndimatsika cham'mbali kapena chokhala. Minofu ya m'miyendo ikayamba kukokana, mwina mchere wachepa m'thupi ndi thukuta, ndipo ndimasungunula Thanzi mu lita imodzi ya madzi n'kumamwa pang'onopang'ono. Lita yachitatu ija ndi ya ntchito imeneyi.

Cha m'ma 3 koloko ndimakhala ndafika pa mishoni. Ndisanakwere galimoto ndimavula masokosi, kuthothola chisoso, n'kuyang'ana nkhupakupa kuseri kwa mawondo ndi m'chiuno.