Zikomo nonse, makamaka inu alamu

Mayi tawagoneka, ndipo thupi lonse likuphwanya ndi kutopa, koma tulo sitibwera ndisanathokoze. Nonse amene munkatiyendera, amene munkaimba foni usiku, amene munapemphera nafe pamene matenda a Alzheimer, a mu ubongo oiwalitsa aja, ankawatha mayi pang'onopang'ono, Mulungu akubwezereni mowirikiza.

Koma inu alamu, mwandithetsa mawu. Tsiku limene adokotala anawonjezera mankhwala a memantine pa donepezil amene mayi ankamwa kale, munandikhazika pansi n'kundiuza mosabisa kuti mankhwalawa sachiza, amangochepetsako zizindikiro kwa kanthawi. Kenako munatenga pepala n'kujambula. Munati pa selo iliyonse ya mu ubongo pali timakomo tating'onoting'ono, ma ion channel, momwe sodium, potassium ndi calcium zimalowera ndi kutulukira, ndipo uthenga wonse wa mu ubongo, ngakhale kukumbukira dzina la mwana wako, umadalira timakomo timeneti. Khomo lina, la NMDA, limatsegulidwa ndi glutamate, kemiko ya mu ubongo yonyamula uthenga kuchoka pa selo ina kupita pa inzake, ndipo ubongo ukakhala bwino magnesium amalitseka mpaka nthawi yake itakwana. M'matendawa glutamate amaligogoda kosalekeza, calcium amalowa wambiri mopitirira muyeso, selo n'kuyamba kufooka mpaka kufa. Memantine amakakhala pakhomo pomwepo kutchinga, koma uthenga weniweni ukafika amapatuka msanga.

Mwina kwa inu zinali za ntchito chabe. Kwa ine zinandigwira mtima. Mayi akanditchula dzina la mchemwali wawo, kapena akandifunsa kuti ndine yani, ndinkadziwa chimene chikuchitika m'mutu mwawo, ndipo ndinkatha kuwayankha modekha.

Ndinu munkayang'anira kuti tiyambe ndi 5 mg, tiziwonjezera 5 mg sabata iliyonse mpaka kufika 20 mg. Ndinu munakumbutsa zoyeza impso, popeza mankhwalawa amatuluka m'thupi kudzera mu impso. Chizungulire chitawagwira, ine mantha ali tho, munabwera musanapite n'kuntchito komwe. Mayi anali ataiwala kale kuti ndinu ndani, koma simunaleke kuwapatsa moni mwaulemu.

Chimandiwawa n'chakuti memantine anavomerezedwa mu 2002 ku Ulaya ndi mu 2003 ku America, ndipo mpaka lero mankhwala ochiziratu matendawa kulibe, chikhalirecho dokotala wa ku Germany Alois Alzheimer anawafotokoza mu 1906. Ambuye, apatseni nzeru amene akufufuza timakomo timeneti, mabanja ena asadzaone zimene taona ife.

Amene munkati mayi akuchita dala, kapena kuti ndi ukalamba basi, kenako osaonekanso mpaka tsiku la maliro, sindikusungirani chakukhosi. Koma anali matenda, ndipo ankafunika anthu.

Alamu, pumulani kaye, inunso mwatopa. Mukapezako mphamvu mundiimbire, mundiuze kokabweza mankhwala amene atsala aja.