Bowa wa shiitake sathamangitsidwa

Lolemba ndi tsiku lophika utuchi umene timalimapo bowa wa shiitake. Timasakaniza utuchi wa mitengo yolimba, magawo 80 pa 100, ndi gaga wa tirigu pafupifupi magawo 20, n'kuwazamo pang'ono jipisamu, ufa woyera wochokera ku mwala. Utuchi wa paini sitiukhudza n'komwe chifukwa utomoni wake sugwirizana ndi bowayu. Madzi timayesa ndi dzanja: ukafinya, utuchi ugwirane koma madzi asachuche. Tikaulonga m'majumbo timauphika m'chimphika cha nthunzi pa madigiri 121 kwa maola oposa awiri, kuti kalikonse kamoyo kamene kali m'menemo kafe.

Lachiwiri, utuchi utazizira, tinathira mbewu. Izi zimachitikira m'kachipinda kotseka, manja ndi tebulo zitapukutidwa ndi spiriti, ndipo macheza amayamba aima. Mdani wathu ndi chuku chobiriwira chotchedwa Trichoderma, chomwe chimafalikira msanga kuposa bowa. Lachitatu ndikuyendera mashelefu ndinachipeza m'majumbo angapo a mwezi watha. Tinawatulutsa osawatsegula, n'kukawataya kutali.

Tsiku lomwelo mnyamata amene wangoyamba kumene ntchito anabwera atanyamula jumbo loyera mbee, ulusi wa bowa utakuta utuchi wonse. "Bwana, awa akhwima, tiwaviike," anatero. Sanalakwe kuganiza choncho, chifukwa bowa wa oyisitara amene iye anazolowera akangoyera chonchi amakhala watsala pang'ono kutuluka. Shiitake ndi wina. Akayera amayamba watulutsa timabuwa thupi lonse, kenako pang'onopang'ono amafiirira mpaka kuchita chikhungwa ngati cha mtengo. Chikhungwa chimenechi ndicho chimasunga chinyezi ndi kutchinga chuku. Kuchokera pothira mbewu pamatenga miyezi iwiri kapena itatu, ndipo ukapupuluma umakolola timabowa towerengeka, topindikapindika. Ndinamuuza kuti ife a utuchi tili kale pa liwiro. Amene amalima bowayu pa zipika za mitengo ya oki, monga amachitira alimi ambiri ku Japan, amadikira miyezi isanu ndi umodzi, ena chaka n'kupitirira, asanaone kanthu.

Lachinayi tinaviika zigulumwa za utuchi zofiirira bwino m'madzi ozizira usiku wonse, titazitsendereza kuti zisayandame. Kuzizira kwadzidzidziko ndi kumene kumamudzutsa bowa. Kuchoka apo zimalowa m'chipinda chozizira, chosapitirira madigiri 20, cha chinyezi chambiri ndi mpweya wabwino, ndipo pakatha sabata kapena masiku khumi timathyola. Lachisanu tinathyola zimene tinaviika sabata yatha, kusankha bowa amene m'mphepete mwa chipewa chake mudakali mopindikira mkati. M'chipinda chimenechi salowamo munthu wosavala chophimba kukamwa ndi mphuno, chifukwa fumbi la mbewu limene bowa wotambasuka amatulutsa limadwalitsa mapapo ukamalipuma tsiku ndi tsiku.

Chimene chandikhala kwambiri pamtima ndi cha Loweruka. Kunabwera mayi wina wofuna bowa wouma wambiri. Amuna awo akudwala khansa, ndipo anamva kuti shiitake amachiza, moti ankaganiza zowasiyitsa mankhwala amene akuwafooketsa. Ndinawapatsa mpando. Ndinati, "Mayi, bowayu ndimamukonda ndipo ndiye amandidyetsa, koma sindingakugulitseni ngati mankhwala."

Ndinawafotokozera kumene nkhaniyi imachokera. M'chaka cha 1969 asayansi a ku Japan anatulutsa mu shiitake chinthu chotchedwa lentinan, ndipo mu 1985 dzikolo linavomereza kuti chiziperekedwa kwa odwala khansa ya m'mimba. Komatu chimaperekedwa ndi jakisoni, chitayeretsedwa, pamodzi ndi mankhwala enieni a khansa, osati m'malo mwake. Mbale ya bowa ndi jakisoniyo n'zosiyana kutalitali.

Zabwino zenizeni zilipo, ndipo sindinawabisire. Shiitake ali ndi mchere wa kopa wambiri, mavitamini a gulu la B, makamaka B5, ndipo mafuta ndi ochepa. Ukamuyanika pa dzuwa, kunsi kwa chipewa kutayang'ana kumwamba, amapanga vitamini D wochuluka. Pa kafukufuku wa ku University of Florida amene anatuluka mu 2015, anthu 52 athanzi anadya magalamu 5 kapena 10 a shiitake wouma tsiku lililonse kwa masabata anayi, ndipo magazi awo anaonetsa kuti chitetezo cha m'thupi chayamba kugwira ntchito bwinoko. Koma amenewo anali anthu osadwala, komanso ochepa.

Ndinawachenjezanso kuti bowayu azimuphika mpaka apse. Wosapsa amatulutsa mwa anthu ena zidzolo zoyabwa, zamizeremizere, patatha tsiku limodzi kapena awiri. Wodwala amene thupi lili lofooka kale sayenera kukumana ndi zimenezo.

Mayiwo anakhala chete kanthawi, kenako anabweza mapaketi onse n'kutsala ndi kamodzi kakang'ono. Anati akayamba afunsa adokotala ngati bamboyo angamadye, ndipo mankhwala apitiriza.