Batire lili pa 82, galimoto yakana kudzuka

Galimotoyo inali isanathe ngakhale mwezi pakhomo. Yamagetsi, yatsopano, mipando ikadanunkhira kusitolo. Ndinaitenga pangongole yobweza pamwezi, koma pagulu la WhatsApp la abale ndinangolemba kuti "tagula". Achimwene a ku Area 25 akadandaula za mizere ya mafuta, ine ndinkawatumizira chithunzi galimoto ili patchaja kuno ku Leeds, ku England.

Loweruka lina mu January apongozi anga aakazi ankatera ku Manchester 10 koloko m'mawa, kuchokera ku Lilongwe. Lachiwiri lake ndinaitchaja mpaka 82 peresenti, kuitsuka, n'kuiimika. Masiku anayi ndinayendera basi kuti apongozi adzaipeze ikuwala.

Tsikulo ndinatuluka nditavala suti ya ukwati. Kudina kiyi, zii. Kudinanso, zii. Zitseko osatseguka, nyali osaphethira n'komwe.

Akazi anga anasuzumira pakhomo atafunda bulangete. "Bambo, tiikankhe?"

Kwathu ndiye mankhwala ake amenewo: anyamata anayi kumbuyo, giya yachiwiri, kusiya kilatchi, yalira. Koma iyi ilibe kilatchi, ndipo handibuleki yake ndi yamagetsi, inali itamanga kuti gwa. Tinakatenga apongozi pa veni yakale ya dizilo ya alamu anga, yonyamulira penti. Mayiwo anakhala pakati pa zitini, n'kufunsa mwaulemu wonse: "Yamagetsi ija ndi imeneyi?" Nditafotokoza anangogwedeza mutu. "Kodi nakonso kuno amathima?"

Madzulo kunabwera bambo wokonza galimoto zofera panjira. Anatenga kiyi wanga, kukanikiza penapake, n'kusololamo kakiyi kachitsulo kamene ine mwiniwake sindinkadziwa kuti kalimo. Atatsegula boneti anandilozera kabatire wamba ka 12 volts, kofanana ndi ka Corolla ya amalume. Anakayeza: 10.8. Lamoyo limawerenga 12.6.

Ndinatsutsa ndithu. Nanga batire lalikulu lija, limene ndikulipirira mwezi ndi mwezi? Iye anati mukathimitsa galimoto, lalikululo limadulidwa kuti lisavulaze munthu, poti lili ndi ma volts mazanamazana. Chimene chimalilumikizanso, kudzutsa makompyuta ndi kutsegula zitseko, ndi kakang'onoko. Galimoto ikayaka, lalikulu limatchaja kakang'ono pa 14 volts kapena cha pamenepo. Ndiye kuti chimanga chili tho m'nyumba, koma kiyi wa loko wataika. Anakajampa ndi kabokosi konga njerwa, galimoto n'kuyaka ngati sinalakwe kanthu.

Patatha masiku atatu inafanso.

Kugalaja ndinapita mawu nditakonzeratu, Chingerezi cha ukali chimene ndinayeserera kubafa. Akazi anga anandiperekeza, apongozi nawo anati sangatsale okha. Makaniko wake anali mtsikana wodekha. Anandisiya ndilankhule mpaka kutha, kenako anamangirira mita pawaya wa batire, kukhoma galimoto, n'kunena kuti tidikire theka la ola kuti igone. Galimoto yogona bwino, anatero, imakoka moto wochepa zedi kubatire, ma milliamps osapitirira 50. Yanga inali kukoka pafupifupi kakhumi kuposa pamenepo.

Anayamba mafunso. Makiyi mumasunga pafupi ndi galimoto? Ayi. Buti imatsekeka bwino? Eya. Nanga app ya pafoni mumaitsegula kangati?

"Mwa apo ndi apo," ndinatero.

"Usiku amadzuka kawiri kuona ngati ikadalipo," anatero akazi anga, osandiyang'ana n'komwe.

Mtsikanayo anati nthawi iliyonse ndikafunsa peresenti ndimadzutsa makompyuta, ndipo amatenga kanthawi kuti agonenso. Koma zokhazo sizikanafika pamenepa. Anatsegula kabokosi ka mafyuzi pansi pa chiwongolero, n'kuima. Panali kawaya kofiira kokulungidwa tepi yakuda, mokulunga mwake mwa munthu amene ankafulumira kukaonera mpira.

"Anaika ndani aka?"

Ndinayang'ana kudenga. Kawayako kanali ka kamera ya pagalasi imene ndinaigula pa intaneti, n'kuilumikiza ndekha nditaonera YouTube mphindi zisanu ndi ziwiri. Ndinasankha fyuzi imene inali pafupi ndi dzanja, osadziwa kuti imeneyo imakhala ndi moto usana ndi usiku. Kamera sinathimepo chiikireni. Kuphatikiza kuzizira kwa January, kabatire kanalibe pothawira. Waranti, lonjezo la ogulitsa lokonza galimoto ulele ikawonongeka, anandiuza mokoma mtima, sikhudza mawaya a mwini galimoto. Batire latsopano ndi ntchito yake ndinalipira ndekha.

Kuti atsimikize, anaika kakhadi ka kamera mu kompyuta. Maola ambirimbiri a khoma la aneba, mphaka akudutsa, mphaka akubwerera. Kenako Loweruka m'mawa: galimoto yonse itafa, kamera yokha inali ikadapuma. Panatulukira munthu wa suti ya ukwati akudina kiyi ndi manja awiri, kumenya boneti, kupukuta pamene wamenyapo ndi mkono wa jekete, kenako kugwada n'kuyamba kuinyengerera.

Apongozi anavala magalasi, n'kusendera pafupi. "Tabwezaninso pogwadapo," anatero. Kenako anatembenukira kwa mwana wawo: "Imeneyi ingatheke kutumiza pagulu lija?"